Kubisa pepala lakale la pakhoma ndi makatani m'nyumba ya lendi ku England

Nyumba yoyamba imene ndinachita lendi ku Leicester inali ya njerwa zofiira, imodzi mwa nyumba zija zogundizana kuyambira kumene msewu wayambira mpaka kumene wathera. Khoma lalikulu la pabalaza linali lomatidwa pepala la maluwa akuluakulu a bulauni ndi achikasu, limene kuno amalitcha wallpaper, ndipo linali litafwifwa kumene dzuwa linkawomba, pamene m'malo amene munkakhala zithunzi munatsala mabala a ngodya zinayi akuda kuposa kwina konse. Nditapempha kuti ndilichotse, mwininyumba anakana mwaulemu, nati ntchitoyo adzaiona yekha mtsogolo. Ndinakhala m'nyumbamo zaka zitatu, ndipo chimene chinandithandiza ndi nzeru imene ambiri a ife tinakula nayo kwathu, yopachika nsalu pa waya kuti itchinge chimene sitikufuna kuti alendo aone. Kusiyana kwake n'kwakuti khoma la kuno limazizira, limachita thukuta m'nyengo yachisanu, ndipo mkati mwake mumadutsa mawaya ndi mapaipi osaoneka. Choncho nsaluyo iyenera kubisa khoma popanda kulikhudza ndiponso popanda kulitsekera mpweya, ndipo malangizo onse otsatirawa akuchokera pa mfundo imeneyi.

Musanagule chilichonse, werengani pangano lanu la lendi. Mapangano ambiri amaletsa kupenta, kuchotsa pepala kapena kuboola khoma popanda chilolezo cha mwininyumba, ndipo chilolezocho chikhale cholembedwa, kaya pa imelo kaya pa meseji, chifukwa mawu a pakamwa amaiwalika tsiku lobweza makiyi likafika. Ndalama imene ili pachiswe si yochepa. Kuyambira mu June 2019, lamulo la Tenant Fees Act linakhazikitsa kuti ku England dipoziti, ndalama ya chikole imene mumapereka polowa m'nyumba, isapose lendi ya milungu isanu ngati lendi ya pachaka sifika mapaundi 50,000, ndipo lamulo lina limati mwininyumba ayenera kuisungitsa pasanathe masiku 30 ku limodzi mwa mabungwe atatu ovomerezeka, amene ndi Deposit Protection Service, MyDeposits ndi Tenancy Deposit Scheme. Mkangano ukabuka pa kuwonongeka kwa khoma, mabungwewa amagamula potengera umboni. Pa chifukwa chimenechi, jambulani khoma lonse masana kukuwala, kenaka jambulani pafupi paliponse pamene pepala lang'ambika, lamatuka kapena lathimbirira, ndipo tumizani zithunzizo kwa mwininyumba kapena kwa ejenti wake tsiku lomwelo.

Chachiwiri, ndipo apa ndikupemphani kuti musathamange, ndi kulifufuza khomalo ngati lili louma. Ikani chikhatho pansi pafupi ndi kathabwa kozungulira m'munsi mwa khoma, m'ngodya, ndiponso kuseri kwa kabati kapena sofa. Ngati pakuzizira monyowa, ngati pepala latupa kapena likumatuka m'malumikiziro, ngati pali timadontho takuda kapena fungo la chuku, khoma limenelo si loti muliphimbe. Ndi loti mulijambule n'kudziwitsa mwininyumba mwa kalata, chifukwa kukonza chinyezi chochokera m'denga, m'mapaipi kapena m'njerwa ndi udindo wake. Chuku chimakula bwino pamalo a mdima opanda mphepo, ndipo katani yopachikidwa pakhoma lonyowa imachipatsa malo oterowo ndendende. Dziko lino linaphunzira kuopsa kwa chuku movutitsa mu December 2020, pamene mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale atapuma kwa nthawi yaitali mpweya wa m'nyumba ya chuku. Ine ndinalakwitsapo pang'ono m'chipinda chogona, pamene ndinapachika nsalu yogunda khoma loyang'ana kunja m'mwezi wa November. Pofika mu February, nditaikankhira pambali, ndinapeza kangodya konse ka pansi kali bii, ndipo nsaluyo inali itadetsedwa ndi mawanga amene sanachoke ngakhale nditaichapa kawiri. Khoma la mkati, logawa chipinda ndi chinzake, ndilo labwino kwambiri kuphimba. Khoma loyang'ana kunja lingaphimbidwe ngati lili louma, koma pokhapokha mutasiya mpata wa masentimita asanu mpaka khumi pakati pa nsalu ndi pepala.

Ganiziraninso ngati kulidi kofunika kuphimba chipinda chonse. Kawirikawiri sikofunika. Diso la munthu wolowa m'chipinda limayamba kugwera pakhoma loyang'anizana ndi chitseko, kapena pakhoma la kuseri kwa sofa kapena kumutu kwa bedi. Mukaphimba khoma limodzi lokhalo kuyambira kumwamba mpaka pansi, ndiponso kuyambira ngodya ina kufika ngodya inzake, makoma otsalawo amasiya kukopa maso, makamaka ngati pali kabati, shelefu ya mabuku kapena galasi lalikulu. Pakhoma la zenera pali njira ina yosavuta: m'malo moika ndodo yongokwana zenera, ikani yaitali yodutsa khoma lonse, kuti makatani akatsegulidwa masana aziima mbali zonse ziwiri za zenera n'kuphimba pepala lonse la m'mbalimo. Chipinda chimaoneka ngati chili ndi zenera lalikulu kuposa limene chili nalo, ndipo palibe mlendo amene angaganize kuti mukubisa kanthu. Mtundu wa pepala nawonso uli ndi mbali yake. Pepala lija la timiyalamiyala lotchedwa woodchip, limene linayambira ku Germany m'zaka za m'ma 1860, ndi lija la zithunzi zotumphuka lotchedwa Anaglypta, nthawi zambiri amakhala opentedwa zoyera kapena zotuwa, choncho nsalu yopyapyala imawabisa bwino. Pepala la maluwa a mitundu yowala limaonekera kuseri kwa nsalu yopyapyala ngati chithunzithunzi, ndipo limafuna nsalu yochindikala.

Tsopano yezani. Tengani tepi yachitsulo, osati ya telala, ndipo yezani kutalika kwa khoma kuchokera pansi kufika ku siling'i m'malo atatu, kumanzere, pakati ndi kumanja, chifukwa m'nyumba zakale pansi ndi siling'i siziyendera limodzi, ndipo kusiyana kwa masentimita awiri kapena atatu n'kofala. Gwiritsani ntchito muyeso waufupi kwambiri mwa atatuwo. Kenaka yezani m'lifupi mwa khoma n'kuchulukitsa kamodzi ndi theka, kapena kawiri ngati nsalu ndi yopepuka, kuti katani ikhale ndi makwinya okwanira. Nsalu yokokedwa ndi kuwongoka thyathyathya imaoneka ngati chofunda chimene chayanikidwa, ndipo imaonetsa poyera kuti kuseri kuli chobisika. Tiyerekeze kuti khoma ndi la mamita 3.6 m'lifupi ndi mamita 2.4 m'mwamba, umene ndi msinkhu wofala m'nyumba zambiri za kuno. Kuchulukitsa kamodzi ndi theka kukupatsani mamita 5.4 a nsalu m'lifupi. Makatani ambiri a ku IKEA amabwera awiriawiri, iliyonse masentimita 145 m'lifupi ndi 250 m'litali, choncho mapaketi awiri, makatani anayi, akupatsani mamita 5.8, ndipo masentimita khumi otsala m'litali mudzawapinda pampendero.

Koma makatani atsopano si njira yokhayo, ndipo kawirikawiri si njira yotsika mtengo. Mashopu a mabungwe achifundo monga British Heart Foundation ndi Oxfam, amene ndi kaunjika wa kuno, nthawi zina amakhala ndi makatani olemera, okhala kale ndi nsalu ya mkati, amene eni ake anasintha asanathe. Vuto lake n'kupeza anayi ofanana ndi aatali mokwanira, choncho yendani ndi miyeso yanu yolembedwa pa kapepala ndi tepi m'thumba. Nsalu zoyala pabedi, zija zopanda lasitiki m'ngodya, zimagwira bwino ntchitoyi chifukwa zimabwera zopindidwa kale mpendero mbali zonse, ndipo ya bedi la anthu awiri imakhala pafupifupi masentimita 230 m'lifupi ndi 255 m'litali, moti zitatu zimaphimba khoma la chitsanzo chathu n'kutsalako. Nsalu imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ija yathonje yochindikala imene amisiri openta amayala pansi kuti penti isadonthere pa kapeti. Imagulitsidwa m'masitolo a zomangira monga B&Q ndi Screwfix, yodziwika kwambiri imakhala mamita 3.6 ndi 2.7, mtundu wake ndi wotuwa ngati ufa wa mgaiwa, ndipo ikachapidwa imafewa n'kugwa molemera ngati nsalu yodula. Yang'anani kaye kumene msoko wake wadutsa musanagule, chifukwa zina zimalumikizidwa pakati, ndipo pewani zija zomatidwa pulasitiki kumsana, zimene zimatsekera chinyezi.

Za chitenje ndiyenera kunenapo mwapadera, chifukwa n'chimene mtima wa ambiri a ife umayamba kuganizira. Chitenje chimene timagula kwathu nthawi zambiri chimadulidwa mamita awiri, ndipo chimaperewera pakhoma la mamita 2.4, pokhapokha mutasokerera nsalu ina ya mtundu umodzi kumunsi ngati lamba wa masentimita makumi asanu, zimene zimakongola ndithu ngati mtunduwo watengedwa m'chitenjemo. Nsalu za mtunduwu zogulitsidwa kuno, m'misika monga ya Brixton, Peckham ndi Ridley Road ku London, zimabwera mayadi asanu ndi limodzi, pafupifupi mamita 5.5, ndipo m'lifupi zimakhala masentimita 115 kapena kuposera pang'ono. Nsalu imodzi yotere imatulutsa makatani awiri a mamita 2.6 kuphatikizapo popinda. Khoma la mamita 3.6 likufuna makatani asanu, ndiye kuti nsalu zitatu. Komabe langizo langa n'lakuti musadzaze khoma lonse ndi chitenje. Mwatopa ndi maluwa a pepala. Musawachotse pamaso kuti muikepo phokoso lina. Ikani nsalu ya mtundu umodzi pakhoma lonse, ndipo chitenje chikhale chimodzi pakati kapena chimodzi kumapeto kulikonse, kuti chioneke ngati chithunzi cholemekezeka. Njira imeneyi imachepetsanso ndalama.

Nsalu iliyonse imene mwasankha, iyeseni musanadule. Igwirizeni pakhoma masana, kenaka usiku nyali itayaka, muone ngati maluwa akuonekera. Akaonekera, pachikani nsalu yoyera yoyala pabedi kumbuyo kwake pa zopanira zomwezo. Kenaka chapani nsalu zonse ndi kuziyanika mpaka ziumiretu, chifukwa thonje limafupika pochapa koyamba, ndipo chitenje chatsopano chingathe kusuluka n'kupaka utoto papepala la mwininyumba ngati chitagunda khoma lachinyezi.

Tafika popachika, pamene pagona nkhani ya dipoziti. Yang'anani kumwamba kwa khoma ngati pali kathabwa kopyapyala kozungulira chipinda, pang'ono m'munsi mwa siling'i, kamene amakatcha picture rail. Nyumba zambiri za m'nthawi ya Mfumukazi Victoria ndi Mfumu Edward zikadali nako. Ngati kalipo, mwachita mwayi, chifukwa kanapangidwira kupachikapo zinthu popanda msomali: gulani ngowe zake zachitsulo zopindika, zikoleni pa kathabwako motalikirana theka la mita, ndipo gonekani ndodo yopepuka m'ngowezo kapena imangirireni ndi waya. Pepala lotsala pamwamba pa kathabwako nthawi zambiri limakhala loyera kale. Ngati malo ophimba ndi kampata ka pakati pa chumuni ndi khoma, kamene nyumba zakale zili nako mbali zonse ziwiri za pamoto, gwiritsani ntchito ndodo ya sipuling'i imene imadzigwira yokha pokankha makoma awiri. Ndodo zotere zimagwira bwino pa mtunda waufupi ndi nsalu yopepuka. Zikatalika kwambiri zimawerama pakati n'kugwa usiku. Ikani kachidutswa ka katoni kapena ka nsalu pakati pa mutu wa ndodo ndi khoma kuti mphira wake usakanikize pepala n'kusiya chizindikiro.

Ambiri amaganiza kuti ngowe zomata, monga za Command, ndiye yankho la munthu wa lendi. Pakhoma lopentedwa zimathandizadi, koma papepala ayi, ndipo opanga ake amachenjeza okha kuti zisamatidwe pa wallpaper. Guluu wake amagwira pamwamba pa pepala, pamene pepalalo lagwiridwa kukhoma ndi phala la zaka makumi angapo lomwe latha mphamvu. Kulemera kwa katani kumang'amba pepala n'kutsika nalo, ndipo chimene mumafuna kupewa n'chimene chimachitika. Ngati mukufunadi kumata, matani pathabwa lopentedwa la m'mbali mwa zenera kapena la chitseko, ndipo pachikanipo nsalu yopepuka yokha.

Pa khoma lalitali, njira yodalirika ndi kuboola mabowo ochepa ndi chilolezo. Waya wachitsulo wokoka, monga Dignitet wa ku IKEA amene ndi wa mamita asanu ndipo amadulidwa molingana ndi khoma, amafuna chomangira kumapeto kulikonse ndi chothandizira pakati. Chomangiracho mungachiike pamakoma awiri a m'mbali, masentimita khumi kutsogolo kwa khoma lophimbidwalo, ndipo mpata wa mpweya uja umapezeka wokha. Waya uja wa sipuling'i wokutidwa pulasitiki yoyera, umene timaudziwa bwino kwathu popachika makatani a lesi, ndi wotsika mtengo kwambiri koma umagooka pakati ndi nsalu yolemera, choncho usungireni mipata yaifupi. Ndodo yachitsulo kapena yathabwa yokhala pa timiyendo totuluka kukhoma ndiyo yonyamula makatani olemera, ndipo iyenera kukhala ndi kamwendo pakati ikapyola mamita awiri.

Musanayatse chiboolero, dziwani zinthu ziwiri zimene zingakuvulazeni. Choyamba ndi mawaya a magetsi. Malamulo a zamagetsi a kuno amalola mawaya obisika kudutsa molunjika kumwamba, pansi kapena cham'mbali kuchokera pa soketi ndi pa siwichi iliyonse, ndiponso m'kati mwa masentimita 15 kuchokera ku siling'i ndi masentimita 15 kuchokera m'ngodya ya makoma awiri. Amenewa ndi malo enieniwo amene munthu wopachika katani amafuna kuboolapo. Bwerekani kapena gulani kachipangizo kofufuzira mawaya ndi mapaipi m'khoma, kayendetseni pang'onopang'ono pamalo onse amene mwalembapo ndi pensulo, ndipo kakalira, sunthani bowolo. Chachiwiri ndi siling'i ija yokhakhala, ya mizere yozungulirazungulira kapena ya timinga, imene ambiri amaitcha Artex. Dziko la Britain linaletseratu asbestos mu 1999, ndipo zokutira zotere zimene zinapakidwa kale zingakhale nayo. Ikangokhala osakhudzidwa siivulaza, koma kuiboola kumatulutsa fumbi loopsa m'mapapo. Choncho kanjanji ka makatani komangirira ku siling'i, ngakhale kamaoneka bwino kuposa njira zina zonse, musakaike pa siling'i yotere pokhapokha mwininyumba atatsimikiza kuti inapimidwa.

Gogodani khoma ndi chala kuti mumve mtundu wake. Likamveka lolimba ndi la njerwa, ndipo likufuna mapulagi apulasitiki wamba, timachubu tija tolowetsa m'bowo kuti sikuluwu igwire. Likamveka ngati ng'oma ndi la plasterboard, bolodi lopyapyala lokhala ndi mpata kuseri, ndipo likufuna mapulagi ake amene amatambasuka kuseri. Pamalo pa bowo lililonse, chekani pepala ndi mpeni wakuthwa ngati chilembo cha V, tukulani kalilime kameneko mosamala, n'kuboola pansi pake. Tsiku lotuluka m'nyumba mudzachotsa pulagi, kutseka bowo ndi phala lotsekera ming'alu, n'kumatanso kalilimeko pamalo pake, ndipo pa pepala la maluwa chilondacho sichioneka. Musayeze msinkhu wa zomangira kuchokera pansi kapena ku siling'i mokha. Jambulani mzere wowongoka ndi levulo, chifukwa katani yopendekeka imaoneka ngakhale kwa munthu amene sakudziwa chavuta n'chiyani.

Pokoleka nsalu, mphete zokhala ndi zopanira ndizo zimapulumutsa munthu wopanda makina osokera. Panani nsalu motalikirana masentimita 12 mpaka 15, ndipo pa chopanira chilichonse tsinani nsalu pang'ono kuti khwinya liyambire pomwepo. Musapinde mpendero wa pansi tsiku lomwelo. Isiyeni nsalu ilendewere masiku awiri kuti idzikoke ndi kulemera kwake, kenaka bayani mapini ikadali pomwepo, kuti ithere sentimita imodzi kapena awiri pamwamba pa kapeti. Mpata umenewu ndi khomo la mpweya ndipo umateteza nsalu ku fumbi. Tsitsani nsalu, pindani potsata mapiniwo, ndipo ngati simusoka, ikani tepi yomata ndi simbi, monga Wundaweb, mkati mwa mpendero, yalani kansalu konyowa pamwamba, n'kukanikiza ndi simbi yotentha osaitsetsereka. Mukaipachikanso, konzani makwinya ndi dzanja limodzilimodzi kuyambira kumwamba mpaka pansi, amangeni momasuka ndi tizidutswa ta nsalu m'malo atatu, n'kuwasiya usiku umodzi kapena iwiri. Mukamasula, makwinya amakhala atazolowera njira yawo.

Pali zinthu zimene katani siyenera kuphimba zivute zitani. Siwichi ya nyali ikhale pamalumikiziro a makatani awiri kuti dzanja lizifikapo, ndipo pa soketi imene pamakhala pulagi nthawi zonse, nsalu ipatuke osakhudza. Radiator, hita ija ya pakhoma yotenthetsa chipinda ndi madzi otentha, ikaphimbidwa, kutentha kumene mukulipira kumathera kukhoma, choncho pamalo pamenepo dulani katani kuti ithere pamwamba pake, kapena sankhani khoma lina. Hita ya magetsi, yaikulu yomangidwa kukhoma kapena yaing'ono yonyamulika, isayandikire nsalu m'pang'ono pomwe, chimodzimodzinso kandulo. Timabowo tolowetsa mpweya m'khoma, makamaka m'chipinda chimene muli moto wa gasi kapena boiler (makina otenthetsa madzi), tisatsekedwe, ndipo alamu ya utsi ndi ya mpweya wakupha wa carbon monoxide zikhale poyera. M'nyumba mmene muli mwana wokwawa kapena woyamba kuyenda, kumbukirani kuti adzagwira nsaluyo poimirira. Ndodo ya sipuling'i ingamugwere pamutu, choncho m'chipinda chimene amasewera gwiritsani ntchito chomangira cha masikuluwu, ndipo musasiye chingwe chilichonse cholendewera pamene angafike.

Chisamaliro chake n'chochepa koma sichiyenera kudumphidwa. Kamodzi pamlungu, makamaka kuyambira October mpaka March pamene mazenera amadzuka atachita thukuta, kankhirani makatani onse mbali imodzi kwa maola angapo, tsegulani zenera pang'ono, ndipo yendetsani chikhatho m'ngodya za pansi monga munachitira poyamba paja. Sofa kapena bedi lisakanikize nsalu kukhoma; lisunthireni kutsogolo pang'ono. Ngati mumayanika zovala m'nyumba, monga ambiri timachitira m'chisanu, musayanike m'chipinda chimenecho zenera lili chitsekere. Kukutani fumbi pansalu ndi hoover mwezi uliwonse, ndipo kawiri pachaka itsitseni n'kuichapa m'madzi ozizira kuti isafupikenso. Pamene nsalu ili pachingwe, jambulani khomalo kachiwiri ndi kusunga zithunzizo pamodzi ndi zoyamba zija, kuti tsiku limene ejenti adzabwere ndi pepala lake la katundu wa m'nyumba, mudzamuonetse kuti maluwa a bulauni aja ali monga munawapezera.